Botolo la ku Sapitwa

Pa shelefu ya m'chipinda changa, pakati pa mabuku amene njenjete zidayamba kale kuwalawa, pali botolo lapulasitiki lopanda kanthu, lofinyika m'mbali ngati kuti munthu waukali adaligwira ali pa mkangano. Ndipo mayi a kunyumba kwanga, amene sagona m'nyumba imodzi ndi zinyalala, ayesa kawiri konse kukaliponya kudzala, koma ine ndalipulumutsa, pakuti botolo limeneli ndilo mboni yanga pa mlandu umene ndifuna kuutula pamaso panu. Ndidalitseka ndi manja angawa pamwamba pa Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje imene ili mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere, nditagugudiza madzi otsiriza amene adali m'menemo. Lidali lowongoka bwino lomwe pamene ndidaliponya m'chikwama. Koma titatsikira ku Likhubula madzulo a tsiku lotsatira, ndidalipeza litakhwinyata, chotsekera chake chili chomangika monga momwe ndidachisiyira, popanda wolikhalira kapena wolipsinja ndi katundu. Mnyamata amene adatinyamulira katundu, ataona kuti ndalitembenuza kangapo ndili kukamwa yasaa, adaseka nati, "Abambo, eni phiri akutsazikani." Ndidaseka naye, chifukwa ku Mulanje nkhani za eni phiri sazitsutsa mokweza, komatu dzanja limene lidafinya botolo langa ndikulidziwa, ndipo ndi dzanja lomwelo limene lakupsinjani inu muli kuwerenga mawu anowa.

Ulendowo ndiufotokoze pang'ono. Tidagona m'kanyumba ka apaulendo ka Chisepo, fungo la mkungudza lili m'mphuno, ndipo tidalawirira kusanache kuti chifunga chisatipeze pa matanthwe. Tisanayende mtunda umene kumudzi mayi amayenda ndi ndowa pamutu akuimba nyimbo, mtima wanga udayamba kugunda ngati ng'oma ya pa chinamwali, miyendo idalemera, ndipo mpweya umene ndinkakoka ndi kamwa yonse udali ngati phala la madzi okhaokha, lodzaza mbale koma losagwira m'mimba. Ndidati ndi ukalamba. Koma m'gulu mwathu mudali mnyamata wamajijiri, wosewera mpira, amene adatisiya kumbuyo akutiseka kuti madala tikuyenda ngati birimankhwe. Ameneyo tidampeza atakhala pa mwala, atagwira mutu ndi manja awiri, nseru itamkwera, nkhope ili mbuu. Wonyamula katundu uja sadamdzudzule, adangompatsa madzi nati, "Achimwene, phiri silithawa." Akulu adanena kuti kuthamanga si kufika, ndipo sindidaonepo malo ena amene mwambiwu udakhala lamulo la thupi lenileni monga pamenepo.

Tsono ukafunsa anthu, ngakhale amene adakhala nthawi yaitali pa benchi ya sukulu, chifukwa chimene munthu amachitira befu pa phiri lalitali, adzakuyankha msanga kuti kumwamba kulibe okosijeni. Yankho limeneli ndi loona theka, ndipo choonadi cha theka chimasokeretsa kuposa bodza. Mpweya wa pamwamba pa Sapitwa, wa pa Kilimanjaro, ngakhale wa pa Everest pomwe, udasakanizidwa mofanana ndi wa pa gombe la Nkhotakota: mwa magawo 100 alionse, 21 ndi okosijeni, ndipo pafupifupi otsala onse ndi nayitrojeni. Namalenga sadasinthe muyeso wa msakanizowo pa phiri lililonse la padziko lino. Chimene chimasintha ndicho kuthithikana kwake. Yense amene adaonapo thonje likuunjikidwa pa msika nthawi yokolola adziwa kuti la pansi limapsinjika ndi kulimba chifukwa cha la pamwamba, kotero kuti mukatapa dengu limodzi pansi ndi dengu lina pamwamba pa mulu, madenguwo adzafanana kukula koma sadzafanana pa sikelo. Mpweya ulinso chimodzimodzi. Ndi mulu waukulu wounjikidwa pamwamba pa ana a anthu, ndipo ife tikhala pansi pake, pamene uli wothithikana koposa. Wokwera phiri amakwera m'kati mwa muluwo, nasiya gawo lake kunsi kwa mapazi; chifuwa chake, chimene ndi dengu lomwe lija, chimadzaza monga mwa masiku onse, koma chimene chalowamo n'chopepuka.

Kulemera kwa mulu umenewu n'kodabwitsa. Pa gombe la nyanja yamchere, kamalo kalikonse kofanana ndi chikhadabo cha chala kasenza pafupifupi kilogalamu imodzi ya mpweya. Ndiko kunena kuti mukatambasula dzanja lanu, pachikhatho ndi zala zomwe pakhala katundu woposa matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50. Sititswanyika chifukwa mpweyawo umakankha kuchokera mbali zonse, pansi ndi pamwamba pomwe, ndipo madzi ndi mpweya wa m'thupi mwathu zimabwezera kukankhako ndi muyeso wofanana. Tidabadwa titasenza mtolowu popanda nkhata, n'chifukwa chake sitiudziwa. Botolo langa lidatsekedwa pamene mtolo udali wopepuka, ndipo mpweya wochepa umene lidautsekera m'kati sudathe kulimbana ndi wa kunsi kuno.

Anthu adakhala zaka zikwizikwi osalingalira kuti mpweya uli ndi kulemera. Amene adatsegula khomo ndi Evangelista Torricelli wa ku Italy, wophunzira wa Galileo, amene m'chaka cha 1643 adadzaza kapaipi kagalasi ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chonyezimira chija tinkachiona m'kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, nakazondotsa m'mbale ya mercury yemweyo. Ndipo taonani, chitsulocho sichidakhuthuke chonse, koma chidaima pa msinkhu wa mamilimita ngati 760, chitachirikizidwa ndi mpweya wopsinja pa mbaleyo. Ambiri adakana kuti ndi mpweya ukuchita zimenezi. Pamenepo Blaise Pascal wa ku France adalingalira kuti ngati mpweya ndiwo ukuchirikizadi, ndiye kuti pamwamba pa phiri chitsulocho chiyenera kutsika. Koma popeza iye mwini adali wodwaladwala ndiponso adali kutali ndi mapiri, adalembera kalata mlamu wake, Florin Périer, kuti akamuyesere pa phiri la Puy de Dôme. Mlamu ameneyu ndimamulemekeza, chifukwa adadziwa kuti mlandu wopanda mboni ndi nthano chabe. Pa 19 September 1648 adasonkhanitsa akuluakulu a mzinda wa Clermont, nakonza zipangizo ziwiri zofanana. China adachisiya kunsi m'manja mwa wansembe kuti achiyang'anire tsiku lonse, china adakwera nacho pamodzi ndi mbonizo. Pamwamba mercury adatsika mainchesi atatu ndi kachidutswa, pamene cha kunsi chija sichidasunthe m'pang'ono pomwe. Phiri lakelo ndi la mamita 1,465 okha, losafika ngakhale pa msinkhu wa phiri la Zomba, komabe lidakwanira kuweruza mlanduwo.

Kuyambira pamenepo akatswiri akhala akuyeza mpweya ndi msinkhu wa mercury, ndipo manambala ake ndi awa. Pa nyanja yamchere ndi 760. Pa Sapitwa patsala magawo 7 mwa magawo 10. Pa mamita ngati 5,500, kutsala pang'ono kufika pa nsonga ya Kilimanjaro imene ili pa 5,895, patsala theka. Ndipo pa Everest, pa mamita 8,849, dokotala wina wa ku America dzina lake Chris Pizzo, amene adafikapo m'chaka cha 1981 m'gulu la ofufuza lotsogoleredwa ndi John West, adayeza napeza 253, ndilo gawo limodzi mwa magawo atatu. Koma tsoka la wokwera phiri silithera pomwepo, pakuti okosijeni salowa m'magazi mwa kufuna kwake. Amachita kukankhidwa kuti aboole chikopa chopyapyala cha timatumba tating'onoting'ono ta m'mapapo, ndipo womukankha ndiye mtolo uja. Kuonjezera apo, thupi limayamba lanyowetsa mpweya uliwonse wolowa, ndipo chinyezicho chimadula msonkho wake wa 47 mosayang'ana nkhope, kaya munthu ali kunyanja kaya ali pa Everest, monga wamsonkho wa masiku a atsamunda amene ankafuna ndalama yomweyo kwa wolemera ndi kwa wosauka. Mukachotsa msonkhowo ndi kutengapo gawo la okosijeni, kunyanja mphamvu yomukankha ndi 150, pa nsonga ya Everest ndi 43. Munthu amakoka mpweya mpaka nthiti kuwawa, koma magazi amabwerera kumtima ali ndi njala.

Ku Chisepo kuja tidaonanso china chimene amayi angachimvetse msanga kuposa ife abambo. Tidatereka nyemba madzulo, nkhuni zili zambiri, mphika ukubwadamuka mokoma. Tidacheza, tidaodzera, tidadzuka, koma nyemba zidali gwaa ngati miyala ya m'mtsinje wa Ruo, ndipo tidadya nsima ndi usipa wouma uku tikunyoza amene adatigulitsa nyembazo kuti adatipatsa za chaka chatha. Tidamulakwira munthuyo. Madzi amawira pamene nthunzi yake yapeza mphamvu zogonjetsa mpweya woupsinja. Mtolo ukapepuka, madzi amawira asanatenthe kwenikweni, ndipo akayamba kuwira satenthanso kuposa pamenepo ngakhale musonkhezere moto wotani. Pa mamita 300 alionse amene mwakwera mumataya pafupifupi digiri imodzi: kunyanja yamchere madzi amawira pa madigiri 100, pa Sapitwa pa 90, pa Everest pa 70 kapena pafupi ndi pamenepo, moti tiyi wa kumeneko ndi madzi ofunda odetsedwa ndi masamba. David Livingstone, poyenda m'maiko athu ano, ankagwiritsa ntchito nzeru yomweyi poyeza kutalika kwa mitunda: ankawiritsa madzi, naviikamo choyezera kutentha, nawerengera. Ndimayesa kuganiza zimene makolo athu ankanena poona mzungu akuphika madzi opanda ufa, nawalemba m'buku.

Befu ndi nyemba zosapsa ndi zoseketsa. Zoopsa zili patsogolo. Wansembe wina wa ku Spain, José de Acosta, adalemba m'buku lake la mu 1590 za mmene adadwalira podutsa mapiri a Andes ku Peru, kusanza mpaka kuyesa kuti mzimu ukuchoka, ndipo adaganiza bwino kuti cholakwa ndi mpweya umene udali wopyapyala kwambiri. Anthu a kumeneko matendawa amawatcha soroche. Amayamba ndi mutu, nseru, chizungulire ndi kusowa tulo. Munthu akaumirira kukwera, madzi amatha kudzaza m'mapapo, nayamba kutsokomola thovu lofiirira, kumira ali pa mtunda wouma. Kapena ubongo umatupa, nayamba kudzandira ndi kubwebweta ngati woledzera kachasu. Ndipo apa ndi pamene pali chinyengo chachikulu cha mapiri, chimene ine ndimachiopa koposa kuzizira ndi maphompho: njala ya okosijeni imayamba kudya nzeru, ndiye chida chokhacho chimene munthu akadadziwira kuti ali pangozi. Pa 15 April 1875 amuna atatu a ku France adakwera m'mwamba ndi chibaluni chotchedwa Zénith, atanyamula matumba a okosijeni motsatira malangizo a katswiri Paul Bert. Pofuna kusunga okosijeniyo kuti akamugwiritse ntchito pamene pavutitsitsa, adazengereza. Ndipo atafika cha pa mamita 8,000, manja adawakanika kunyamula kapaipi kamene kadali pafupi ndi pakamwa pawo. Gaston Tissandier yekha ndiye adatsitsimuka chibaluni chikutsika, napeza anzake awiri, Joseph Crocé-Spinelli ndi Théodore Sivel, atauma. Iye adatsala wogontha, ndipo adasimba pambuyo pake kuti m'mphindi zotsirizazo sadamve ululu kapena mantha, koma chimwemwe chokhachokha. Tsoka silinunkha; ili lokha limachita kununkhira. Bert yemweyo ndiye adatsimikiza m'buku lake la mu 1878 kuti chodwalitsa ndi kuchepa kwa mphamvu yokankha okosijeni, osati mphepo yoipa kapena utsi wa miyala monga ena ankanenera.

Komabe thupi la munthu lidaumbidwa mwaluso, ndipo likapatsidwa masiku limaphunzira. Tsiku loyamba lomwelo munthu amapuma mofulumira ndi mozama, ngakhale ali m'tulo; amataya madzi pafupipafupi, magazi nakhala okhathamira; kenako impso zimatumiza uthenga ku mafuta a m'mafupa kuti aumbe maselo ofiira ochuluka, amene ndiwo amtengatenga a okosijeni, ndipo ntchito imeneyi imatenga masabata. N'chifukwa chake madokotala amalangiza kuti munthu akapitirira mamita 3,000 asakweze malo ake ogona ndi mamita oposa 500 pa usiku umodzi, apumule tsiku lathunthu pakapita masiku atatu kapena anayi, ndipo matenda akamgwira atsike, pakuti mankhwala oposa onse ndi kutsika. Okwera Everest amatha mwezi ndi kuposerapo akukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika, ngati munthu woiwala chinthu kunyumba. Pamene alendo a pa Kilimanjaro, pofuna kupulumutsa ndalama, amalithamangira phirilo masiku asanu, ambiri n'kubwerera panjira akusanza, ena a iwo anyamata a mphamvu amene adapitiriridwa ndi agogo oyenda mwakachetechete. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kuzolowera kuli ndi malire ake: kupitirira mamita 8,000, dera limene okwera mapiri adalitcha la imfa, thupi silizoloweranso, limangotha pang'onopang'ono ngati kandulo, ndipo wolowamo amawerenga maola.

Alipo amene mapiri ndiwo kwawo. Ku La Rinconada, m'dziko la Peru, anthu zikwizikwi amakumba golide ndi kulera ana pa mamita ngati 5,100, pamene mpweya watsala pang'ono kufika theka. Chosangalatsa n'chakuti mitundu ya kumapiri sidathetse vutoli ndi njira imodzi. A ku Andes magazi awo ali ndi amtengatenga ochuluka, ndipo ena, akamakula, magaziwo amakhathamira mopyola muyeso mpaka kuwadwalitsa nthenda imene idatchedwa dzina la dokotala wa ku Peru, Carlos Monge. A ku Tibet, ndi abale awo a mtundu wa Sherpa, magazi awo sakhathamira chotero, koma amapuma kwambiri ndipo mitsempha yawo imayendetsa magazi momasuka, mphatso ya chibadwa imene akatswiri adapeza mu 2014 kuti mbali yake idachokera kwa anthu akalekale otchedwa Denisovan. Okonda mpira adzakumbukira kuti mu 2007 bungwe la FIFA lidaletsa masewero a pakati pa maiko pa mabwalo opitirira mamita 2,500, ndi kuti a ku Bolivia, amene bwalo lawo la ku La Paz lili pa mamita ngati 3,600, adakwiya mpaka pulezidenti wawo Evo Morales adakamenya mpira pa phiri la Sajama pofuna kuonetsa kuti munthu safa nazo. Diego Maradona adawaikira kumbuyo, nakasewera ku La Paz komweko. Chiletso chidachotsedwa mu 2008. Ndipo chaka chotsatira Maradona yemweyo, ali mphunzitsi wa timu ya Argentina, Lionel Messi ali m'bwalo, adakakwapulidwa kumeneko zigoli 6 kwa 1. Walira mvula walira matope.

Za Everest ndinene mwachidule, popeza ambiri adazimva. Edward Norton adafika pa mamita 8,570 mu 1924 popanda okosijeni wa m'botolo, nabwerera. Edmund Hillary ndi Tenzing Norgay adaponda pa nsonga pa 29 May 1953 atabereka mabotolo kumsana, ndipo kwa zaka 25 anthu ambiri ophunzira ankati popanda mabotolowo munthu sangafike, kapena akafika adzatsika ubongo utaonongeka. Kufikira pa 8 May 1978, pamene Reinhold Messner ndi Peter Habeler adakwera ndi mapapo awo okha, akugwa m'chipale chofewa pakapita mapazi owerengeka kuti apume. Chimene chimandizizwitsa ine ndi ichi: phiri lalitali koposa onse lidalekezera ndendende pa malire a mphamvu za munthu, ndipo limakwereka chotero chifukwa cha pamene lidaikidwa. Mulu wa mpweya ndi wokhuthala cha pakati pa dziko, kumene kumatentha, ndipo ndi wopyapyala cha kumalekezero ozizira. Everest ali kufupi ndi chigawo chotentha, choncho pa nsonga pake pali mpweya wochulukirapo kuposa umene ungapezeke pa msinkhu womwewo ku Alaska. Akadamera kumeneko, akatswiri amakayika ngati mwana wa munthu akadapondapo wopanda botolo. M'nyengo yachisanu mpweyawo umapepukanso ndithu, ndipo pamenepa pakuyenera kutchulidwa dzina limene manyuzipepala sadalikweze monga adakwezera a azungu: Ang Rita Sherpa, amene adafika pa nsongayo kakhumi konse popanda okosijeni wa m'botolo, kamodzi mwa maulendowo m'kati mwa chisanu, mu December 1987. Masiku ano olemera amalipira ndalama zankhaninkhani kuti akajambulitse chithunzi pamwambapo, akuyamwa mpweya wa m'mabotolo amene a Sherpa adawasenza kukawaikira m'njira. Sindiwaletsa, ndalama ndi zawo, koma ndikamva wina akudzitama kuti adagonjetsa phiri, ndimafuna kudziwa dzina la amene adamunyamulira mpweya, monganso ine sindinganene za Sapitwa osakumbukira mnyamata uja amene adakwera atasenza chikwama changa ndi chake, atavala nsapato zong'ambika, akuimba mluzu.

Mdzukulu wanga, amene ali Sitandade 7, adabwera kudzacheza mwezi wathawu, ndipo atamva nkhani yonseyi adalitenga botolo lija, naliyang'anitsitsa padzuwa, nafunsa kuti, "Ndiye kuti agogo, m'katimu muli mpweya wa ku Sapitwa?" Ndidati inde, wa m'mawa umenewo, wochepa monga ndidaupezera. Zala zake zidali zitagwira kale chotsekera, ndipo ndidachita kulumpha pampando, msana wanga womwewu, kuti ndimulande. Pakuti akadangopotokola pang'ono, mpweya wa mu Blantyre ukadathamangiramo ndi kamluzu, botolo likadawongoka, ndipo agogo ake aakazi, amene ankaonera zonsezi ali pakhomo la khitchini ndi tsache m'manja, akadalitenga tsiku lomwelo kupita nalo kudzala.